Madzi Oyera a Mumchenga

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kwa amayi anu, ndipo mulibe chachilendo m'menemo. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, chifukwa pali nkhani imene sindinakuuzeni pamene munkakula. Manje ndapuma ntchito, maso ayamba kuchita chifunga, ndipo ndikaichedwetsanso ndidzalowa nayo m'manda.

Ku Chipata, Epulo wa chaka changa choyamba

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi pamene bungwe lina lokumba mijigo linafika ku Chama kudzafuna achinyamata odziwa kulemba. Ine ndinaphunzira pasukulu ya kumudzi kwathu ku Tembwe, ndipo Chingerezi changa chinali cha m'buku, chosazolowera pakamwa. Ananditenga chifukwa ndinkalemba mooneka bwino komanso sindinkayankha akuluakulu. Anatitumiza ku Chipata kukaphunzira masabata awiri. Ndinapita nditavala nsapato za akulu anga, nditaika nyuzi kutsogolo kuti zisavuke. Anzanga ambiri anali a m'tauni. Tsiku loyamba nditatchula dzina langa ndi kwathu, wina kumbuyo anati, "Uyu wabwera na njovu kapena na basi?" Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo, ndipo kuyambira pamenepo sindinatsegulenso pakamwa m'kalasi.

Tsiku lachitatu mphunzitsi wathu anatseka makatani n'kuika matambula asanu patebulo. M'tambula yoyamba munali madzi okhaokha. M'yachiwiri anasungunulamo mchere, m'yachitatu shuga, m'yachinayi anadonthezamo mkaka, m'yachisanu anavunduliramo dothi. Kenaka anawalitsa tochi cham'mbali. M'matambula atatu oyambawo kuwala kunadutsa osaonetsa njira yake, n'kukagwa pakhoma. M'tambula ya mkaka kunaoneka kamzere koyera, monga dzuwa likalowera pabowo la denga m'nyumba ya utsi. M'ya dothi kunangofera pakati. Mphunzitsiyo anafotokoza m'Chingerezi chothamanga, ndipo zimene ndinatolapo ndi izi: tizidutswa toyandama m'madzi timamwaza kuwala, ndipo tizilombo ta matenda timabisala m'tizidutswamo kotero kuti kulorini, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, satifika. Ndinalemba bwinobwino ndi kutseka mzere kunsi. Koma maso anga anali pa matambula atatu oyamba aja. Amchere, ashuga ndi okhaokha ankaoneka chimodzimodzi. Nanga munthu angadziwe bwanji chimene chili m'madzi oyera? Ndinakweza dzanja kufika pakhutu. Mnyamata wa njovu uja atacheuka, ndinakanda khutulo n'kutsitsa dzanja.

Pomaliza maphunziro anatipatsa aliyense chubu cha pulasitiki choonekera, chotalika kuposa mkono, chokhala ndi kamtanda kakuda pansi pake. Umathira madzi n'kusuzumira pamwamba. Chikadzaza kamtanda kakuonekabe, ndiye kuti madziwo ndi oyera mokwanira kuthiramo kulorini. Ntchito yake inali yokhayo. Chida china, bokosi loyezera tizilombo tenitenito, anati lidzatitsatira. Zaka zonse zimene ndinagwira m'bungwelo sindinalione.

Ku Chikwa, Juni mpaka Seputembala

Ananditumiza ku dera la Chikwa, pansi pa ba Chanda, munthu wa ku migodi amene ankaona chigwa chathu ngati chilango. Sanali woipa mtima. Ankandipatsa theka la buledi wake, ndipo anandiphunzitsa kuyendetsa honda, njinga yamoto ya bungwe. Koma ankadana ndi mafunso monga munthu adana ndi kashembe, ntchentche yoluma ya m'chigwa. Nditawafunsa za bokosi lija, anati, "Iwe Yotamu, uli na chubu, sewenzetsa chubu. Ndipo osapita kumidzi na maphunziro ataliatali. Anthu afuna kuona na maso."

Pa midzi isanu ndi umodzi imene ndinkayendera panali wina umene sindiutchula dzina. Unali m'mbali mwa kamtsinje kamene kamauma chilimwe n'kusiya mchenga wokhawokha. Kuyambira kale amayi a pamenepo ankafukula mchengawo kufika m'chigongono, n'kudikira madzi kuti avumbuke, n'kumatunga ndi chikho. Bungwe lathu linali litangowakumbira mjigo, ndipo wapampando wa komiti ya mjigowo anali NyaZimba, mayi wamtali wa mawu aakulu, wotsogolera nyimbo ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Anandilandira ngati mwana wawo. Ankati ndine woonda ngati bango, ndipo sindinkachoka pamudzipo osadya mpunga wawo. Anali ndi ana anayi, ndipo womaliza anali Tamala, mtsikana wa zaka zisanu amene anali atangoguluka mano akutsogolo.

Phunziro langa loyamba linayenda bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinasonkhanitsa amayi pansi pa mitengo ya mango, ndinathira m'chubu madzi a pathamanda, kamtanda kanazimirira. Ndinathira oyera, kanaoneka. Ankalandirana chubucho akuseka, wina kunena mnzake kuti watsinzina diso lolakwika. Ndinawauza kuti kamtanda kakaoneka athire kulorini, adikire, kenaka amwe. NyaZimba anawomba m'manja nati, "Apa ndiye boma latitumizira munthu. Enawa amangotiuza zosaoneka." Kunena zoona, chibadwire munthu wamkulu anali asanandiyamikirepo pagulu. Ndinabwerera pa honda ndikuimba.

Kulorini anatha patapita miyezi iwiri, ndipo wina sanabwere. Phunziro langa linali ndi miyendo iwiri, umodzi unaduka. Chimene chinatsala pakamwa pa anthu chinali chachifupi: kamtanda kakaoneka, imwa.

Vuto linabwera ndi mjigo. Madzi ake ankatuluka oyera, koma akakhala m'ndowa kwa maola angapo ankasanduka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, pamwamba n'kuyala kautoto konyezimira. Mpunga wophikira madziwo unkatuwa, ndipo inu mukudziwa mmene munthu wa ku Chama amanyadira kuyera kwa mpunga wake. Mabulauzi oyera a amayi a chigwirizano anayamba kuchita mawanga. Okumba mjigo anali atandiuza kale kuti ndi chitsulo cha m'nthaka chimene chimachita dzimbiri chikakumana ndi mphepo, ndipo sichipha munthu. Ndinkadziwa zimenezo.

Tsiku lina la mu Seputembala ndinapeza amayi atasonkhana kale, ndowa ziwiri zili pakati. NyaZimba anati, "Ba Yotamu, mwana wanga, bweretsani chubu chanu. Awa ndi a mjigo, agona kuyambira dzulo. Awa ndi a mumchenga."

Ndinathira a mjigo. Kamtanda kanasowa chubu chisanafike ndi pakati pomwe. Ndinatsuka, ndinathira a mumchenga mpaka kudzaza, ndipo kamtanda kankaoneka ngati kalembedwa pachikhatho.

"Manje tiuzeni," anatero NyaZimba, "timwe ati?"

"Amama, a mjigowa ndi chitsulo chabe," ndinayankha motsitsa.

"Chitsulo? Ndiye tizimwa makasu?" anatero mayi wina, gulu lonse n'kufa nako kuseka.

NyaZimba sanaseke. Anandiyang'ana mwachikondi nati, "Ife sitikukutsutsani. Tikufunsa chimene munatiphunzitsa nokha. Chubu chikuti chiyani?"

Maso onse anali pa ine. Kuti ndinene zoona ndikanayenera kuvomera pamaso pa amayi a msinkhu wa mayi wanga kuti chubu chimene ankachikonda chinkangodziwa theka la nkhani, ndipo theka linalo inenso sindinkalidziwa bwino. Matambula atatu a ku Chipata aja anandibwerera m'mutu. Ndinati, "Chubu chanena, amama. A mumchenga ndiwo oyera." Sindinanene kuti amwe, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi zimenezo. Koma iwo anandifunsa za kumwa, ndipo yankho analimva. Kuyambira sabata imeneyo mjigo unasanduka wotsukira miphika ndi woumbira njerwa. Ba Chanda sindinawauze.

Novembala, mvula yoyamba

Kumtunda kwa kamtsinje kaja kunali midzi ina iwiri imene zimbudzi zake zinali zochepa, ndipo anthu ankadzithandiza m'mabango a m'mbali. Mvula yoyamba inagwa masiku awiri n'kuleka. Sinadzaze mtsinje, inangotsukira zonse za m'mabangomo mumchenga. Mchenga unasefa dothi monga umachitira nthawi zonse, ndipo madzi a m'maenje anapitiriza kutuluka oyera.

Uthenga unandipeza ndili pamudzi wina, kuti ana akutsegula m'mimba ndi kusanza. Nditafika ku kiliniki yapafupi ndinapeza khonde lonse lili mphasa. Namwino anali mmodzi yekha, Sisita Lungu, mayi wa ku Katete amene anali atagwira ntchito m'chigwa zaka zambiri. Mapaketi a mankhwala obwezera madzi m'thupi anali atatha, choncho ankasungunula yekha mchere ndi shuga m'madzi owiritsa. Atandiona ndi chubu changa chili m'chikwama anati, "Ndimwe a madzi? Bwerani mugwire ndowa iyi." Ndinagwira. Akuvundula anandifunsa kuti anthu a mudziwo amamwa kuti, popeza ali ndi mjigo watsopano. Ndinafotokoza zonse, ndikuganizabe kuti mwina andiuza kuti vuto ndi mango osapsa.

Sanandikalipire. Anatenga chubu changa, anatunga m'ndowa ija n'kudzaza. "Suzumirani." Ndinasuzumira. "Kakuoneka?" Ndinavomera. "Lawani." Ndinalawa, mchere ndi shuga zinandidzaza m'kamwa.

"Ndathiramo ndi manja anga inu mukuona," anatero, "koma chubu chanu sichinaone kanthu. Chimene chasungunuka sichitchinga kuwala. Tizilombo nato n'tating'ono kwambiri, tingakhalemo tokwanira kupha mudzi wonse kamtanda kakuonekabe. Sanakuphunzitseni?"

"Anaphunzitsa, Sisita."

"Nanga?"

Ndinabwezera chubu m'chikwama. Iwo anali kale atagwada pa mwana wina ndi kapu.

Tamala anali kumapeto kwa khonde pamiyendo ya mayi ake. Maso anali atalowa m'kati, ndipo khungu la pamimba ukalitsina linkakhala chitsinire. NyaZimba atandiona nkhope yawo inamasuka. "Ba Yotamu mwabwera. Onani mwanayu, akana kumwa. Tamala, imwa, ankolo ako a chubu abwera." Mwanayo anandiyang'ana, anameza pang'ono n'kubweza. Ndinakhala nawo masana onse ndikumupatsa ndi supuni. Anamwalira dzuwa likupendeka, ndipo ine ndi amene ndinanyamula mutu wa mphasa imene tinamukulungamo popita kumudzi, chifukwa amuna a NyaZimba anali atapita kukafuna njinga yomutengera kuchipatala chachikulu. M'masabata awiri okha mudzi umenewo unaika ana atatu.

Disembala, ku ofesi

Misewu isanatsekeke ndi madzi, ba Chanda anandiitana ku boma. Akuluakulu a bungwe ankafuna lipoti la chimene chinachitika pamudzi wokhala ndi mjigo watsopano. Ndinali nditalemba langa, masamba atatu, ndipo ndinalembamo za ndowa ziwiri zija ndi mawu amene ndinanena. Ba Chanda anawerenga mpaka kumapeto, anavula magalasi n'kutseka chitseko.

"Wamuonetsa ndani uyu?"

"Palibe, bwana."

"Yotamu, mvera. Pepala ili likapita ku Lusaka, sadzati Yotamu analakwa. Adzati bungwe linatuma mwana kumidzi popanda bokosi, popanda kulorini. Adzatseka. Mijigo khumi ndi iwiri imene yatsala siidzakumbidwa. Ufuna midzi yonse ija izimwa mumchenga chifukwa iwe ufuna kuulula machimo? Kuulula n'kutchalitchi."

Anatulutsa m'dirowa lipoti lina lotayipa kale. Linkanena kuti anthu a mudziwo anakana mjigo chifukwa chokakamira miyambo yawo, ngakhale wogwira ntchito wa bungwe anawalangiza kangapo, ndipo komiti ya mjigo sinagwire ntchito yake. Pansi panali dzina langa ndi mzere wosainapo.

"Koma bwana, sindinawalangize."

"Unawauza kuti ni chitsulo?"

"Ndinanena kamodzi."

"Ndiye unawalangiza. Saina."

Ndinapempha kuti ndikaganize. Ndinatuluka, ndinayenda mpaka kumsika, ndinaima pa amayi ogulitsa mpunga osagula kanthu, ndinabwerera. Ana anga, ndikufuna mumvetse bwino apa. Zimene ananena ba Chanda za mijigo khumi ndi iwiri mwina zinali zoona, ndipo mijigoyo inakumbidwadi. Koma si chimene chinagwira dzanja langa. Ndinasaina chifukwa munthu wamkulu anali ataimirira patsogolo panga atatambasula cholembera, ndipo kuyambira ubwana sindinadziwe mmene munthu amakanira. Anandisisita paphewa nati ndidzafika patali. Masamba anga atatu aja anawang'amba n'kuwaponya m'dengu.

Meyi wa chaka chachiwiri

Dzinja lonse mudziwo sunkafikika. Madzi ataphwa ndinapempha honda n'kupita ndekha. Ndinali nditayeseza mawu njira yonse. Ndinatenga botolo la madzi, mchere ndi chubu, kuti ndiwaonetse monga anandionetsera Sisita Lungu.

Anasonkhana ochepa. Ndinasungunula mchere, ndinadzaza chubu, ndinawapatsa kuti asuzumire ndi kulawa. Ndinati madzi oyera akhoza kunyamula imfa, ofiira a mjigo ndiwo abwino kumwa, ndipo chubu chimangoona dothi. Ndinati ndinawaphunzitsa theka.

Bambo wina amene anaikanso mwana anati, "Chaka chatha munati oyera ndiwo abwino. Lero mukuti ofiira. Chaka chamawa mudzabwera na obiriwira?"

"Akutumani kuti mjigo wawo usachite manyazi," anatero mayi wina. "Ife mchere sitithira mumchenga."

Ena anadzuka n'kumapita kuminda, chifukwa inali nyengo yodula mpunga. Phunziro loyamba analiona ndi maso awo. Lachiwirili linkawapempha kukhulupirira chinthu chosaoneka, kuchokera pakamwa pa munthu amene wangovomera kumene kuti amalakwitsa. Mabanja ena anabwerera ku mjigo, ambiri ayi.

NyaZimba anakhala kumbuyo msonkhano wonse. Anali ataonda, ndipo wapampando anali wina tsopano. Anthu atabalalika anandiitanira kukhonde kwawo n'kundiyalira mphasa monga kale.

"Mwana wanga, ndikufunseni. Tsiku la ndowa ziwiri lija, munkadziwa?"

"Ndinkakayika, amama."

"Munafunsa ndani?"

"Palibe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akusisita ndi chala m'mphepete mwa mphasa. Ndinkayembekezera kuti alira kapena anditemberera, ndipo ndikanakonda zimenezo.

"Anabwera anthu awiri pagalimoto mvula isanakule," anatero. "Anati komiti yathu isinthidwe. Sanatiuze chifukwa. Ku boma munalemba kuti chiyani?"

Ndikanatha kunama, pakuti iwo sankadziwa kuwerenga ndipo pepalalo sakanaliona. Koma ndinali nditatopa. Ndinati, "Kunalembedwa kuti anthu anakana mjigo, ndipo komiti sinagwire ntchito."

"Komiti ndiye ine."

"Inde, amama."

"Munalemba ndinu?"

"Ndinasaina."

Anayang'ana kubwalo. Kenaka anati, "Ndiye kuti m'mabuku a boma, Tamala ndinamupha ndine." Sananene mokweza. Anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kathumba ka mpunga watsopano n'kukaika pa honda yanga, chifukwa kwawo mlendo sachoka chimanjamanja. "Muyende bwino, ba Yotamu. Musavutikenso kubwera."

Zaka zotsatira

Ba Chanda sananame, ndinafikadi patali. Bungwe lija litatha ndinalowa ntchito ya boma ya zaumoyo, ndinagwira ku Tembwe, ku Lundazi, ndipo pomaliza pa Chama pomwe pano. Ndinaphunzitsa achinyamata ambiri kuyeza madzi, ndipo aliyense ndinkamukakamiza kufunsa funso asanatuluke m'kalasi, mpaka ankandiseka kuti ndine mdala wa mafunso. Mabwana anga onse analemba kuti ndine wofatsa ndi womvera. Chikalata chimene anandipatsa popuma chimanenanso zomwezo, ndipo n'chifukwa chake sichili pakhoma, ngakhale amayi anu amafunsa kawirikawiri.

Kangapo ndinaganiza zolemba kalata yokonza lipoti lija, koma bungwe linali litapita, ba Chanda anali atabwerera kwawo, ndipo panalibenso ofesi yolandira kalata yotero. Kangapo ndinadutsa pa mphambano yolowera kumudzi uja pa galimoto ya boma, ndipo sindinamuuze dalaivala kuti akhote. Ndinkati ndidzapita ndikapuma, ndili ndi nthawi yokhala pansi n'kuwauza NyaZimba kuti ndalemba pepala lina, ndi kuwawerengera liwu ndi liwu.

Chaka chatha ndinakumana pamsika ndi mwana wawo woyamba, amene tsopano ndi agogo. Ndinamufunsa za amama. Anati anawaika zaka zinayi zapitazo. Anati mpaka kumapeto sankalola munthu kutchula za komiti pamaso pawo, ndipo ku chigwirizano sanatsogolerenso nyimbo.

Choncho pepala ili lilibe wolilandira koma inu. Ndilemba momveka, monga ndikanalembera pa mzere uja: NyaZimba anafunsa funso loyenera kwa munthu amene anatumidwa kudzaliyankha, ndipo anachita zimene anauzidwa. Tamala sanaphedwe ndi mayi ake.

Ndasaina ndine bambo wanu, Yotamu.